Za Nyumba Yosungiramo Zinthu Zakale ya pa Chichiri

Kwa mafumu athu olemekezeka, ndi kwa abale onse a Msonkhano uno:

Ndipempha kuti pa msonkhano ukudzawu tiikepo mau a nyumba yosungiramo zinthu zakale iri pa Chichiri. Ife a ku Naperi tikhoza kufikako ndi miyendo dzuwa lisanatenthe, koma ambiri a ife sitinapondemo ndi kamodzi komwe.

Mbiri yace iri yotere. Bungwe la Nyasaland Society, limene Azungu anayamba m'caka ca 1946, ndilo linaumiriza Boma kuti dziko lino likhale nayo nyumba yotere, ndipo lamulo lace linakhazikika m'caka ca 1957. Poyamba zinthuzo zinasungidwa ku Mandala, m'nyumba yosanja ija yomangidwa mu 1882. Pambuyo pace, ndi thandizo la ndalama za Beit Trust, anamanga ya pa Chichiri, ndipo Dr Kamuzu Banda anaitsegula m'mwezi wa June, 1966. Pabwalo pace paima mutu wa sitima yoyendera nthunzi, galimoto yakale yozimitsira moto ndi basi yakale. M'kati muli zida za malonda a akapolo, ndalama zakale, zigoba za Gule Wamkulu, ndi mwala uja unagwa kucokera kumwamba ku Machinga mu 1981, wolemera kuposa makilogalamu 90.

Tsono mau anga ndi awa. Citsulo sicibvunda msanga, ndiponso Mzungu sanaleka kulemba tsiku la cinthu cace ciri conse. Cifukwa cace mwana wa sukulu adziwa kuti njanji inafika ku Blantyre mu 1908. Koma njanjiyo isanafike, katundu wa mzinda uno anakwera phiri kucokera kwa Katunga pa mitu ya a tengatenga, ndi Azungu omwe anayenda m'macila pa mapewa a makolo athu. Kodi nkhata zao ziri kuti? Maina ao asunga ndani? Mu 1876 a Misyoni anamanga m'dziko la mfumu Kapeni. Mu 1884 Angoni anathira nkhondo kuno, anthu nathawira ku phiri la Ndirande. Mikondo ndi miphika ya masiku amenewo siinapite ku London yonse ai. Ina ikali m'nyumba zathu zomwe, pansi pa kama, pamodzi ndi makasu osulidwa ndi manja, nsaru za ciwondo, mikanda ya agogo, ndi zitupa za msonkho. Ciswe ciri kudya, ndipo zotsala adzukulu azigulitsa kwa alendo pa mtengo wa mcere. Mlandu umenewu suli wa Boma, uli wathu.

Ena adzati zinthu za mizimu ndi za ufumu siziyenera kuonedwa ndi munthu wamba. Ndibvomereza ndi mtima wonse: za ku dambwe zikhale ku dambwe, za m'kacisi zikhale m'kacisi. Koma khasu liribe mwambo woletsa maso, ndipo mwambo sutiuza kuti tilisiye lidyedwe ndi dzimbiri.

Cimene ndiopa koposa ndi imfa ya nkhalamba. Nkhwangwa yopanda mbiri yace iri citsulo cabe. Munthu wodziwa amene anaisula, ndi mudzi wace, ndi nkhondo imene inaona, akagona m'manda, palibe mlembi angaukitse mau amenewo.

Cifukwa cace ndipempha mafumu athu, a Kapeni, a Machinjiri ndi a Somba, kuti auze nyakwawa zao zifunse khomo ndi khomo za zinthu zakale zimene zatsala. Msonkhano usankhe anyamata awiri odziwa kulemba, akhale pansi ndi eni ace, nalembe dzina la cinthu, mwini wace woyamba, pfuko lace ndi mudzi wace. Wofuna kupereka cace ku Chichiri apite ndi mboni, nalandire kalata yotsimikiza. Wosafuna asakakamizidwe, koma mbiri yokha ilembedwe. Ndiponso mau awa akambidwe mvula isanagwe, anthu asanabalalikire ku minda.

Ine wanu pa nchito ya Msonkhano,
Mmodzi wa inu, Naperi.