Phazi Lanu Ndiye Likumwa Mafuta

ERB ikalengeza mtengo watsopano wa mafuta, tonse timalila. Manje imwe ba Yango na ba Vitz, tiyeni tikambeko za phazi lanu la kumanja.

Motoka ikamathamanga imakankha mphepo, mphepo nayo imakankha motoka. Mukachoka pa 60 kufika pa 120, mphamvu ya mphepo ija siikwela kawili chabe, imakwela kanayi. Injini imalimbana nayo na petulo wanu. Motoka zambili zing'onozing'ono zimamwa pang'ono pakati pa 60 na 90, mu giya yapamwamba.

Tengani ulendo wa Lusaka kupita ku Kabwe, makilomita pafupifupi 140. Pa 100 mufika mu ola limodzi na maminiti 24. Pa 120, ola na maminiti 10. Maminiti 14 chabe, bakamba! Elo pa Great North Road, na matilaki aja, 120 simungaigwile njila yonse. Muponda, mumanga mabuleki, mupondanso. Kumanga kulikonse ni mafuta amene munagula kale, mwataya.

Mu tauni ni chimodzimodzi. Roboti ikafiila kutsogolo, chotsani phazi msanga, motoka ifike yokha. Nanga kuthamangila kukaima kumbuyo kwa minibasi pa Manda Hill, mwawina chani?