Injini Ikafa, Tiyambe Tafunsa Chaipha

Kumudzi kwathu munthu akamwalira mwadzidzidzi, akuluakulu sathamangira kugaŵana chuma asanakhale pansi ndi kufunsana chimene chadya mnzawo, pakuti amadziŵa kuti nthenda yosadziŵika imabwereranso pakhomo pomwepo. Mlungu uno, aŵerengi, ndifuna tikambirane za imfa ya mtundu wina, imfa ya injini ya galimoto, ndiponso za anthu amene amayesa kuidzutsa. Maganizo anga ndi akuti kumanganso injini yamphamvu imene yanoka ndi ntchito yabwino ndi yoyenera ulemu, pokhapokha ngati woimangayo wayamba wapeza chimene chidaipha. Akapanda kutero, ndiye kuti akukonzekera maliro achiŵiri ndi ndalama zake zomwe.

Nkhaniyi ndidaiona ndi maso anga. Mlamu wanga adagula Subaru Impreza WRX yogwirapo kale ntchito ku Japan, imene idafika kuno kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe. Galimoto ya mtundu umenewu idayamba kupangidwa mu 1992, ndipo mbiri yake idawanda pamene Colin McRae wa ku Scotland adakhala nayo katswiri wa dziko lonse pa mpikisano wa rally mu 1995, napambananso Safari Rally ya ku Kenya mu 1997. Injini yake, yotchedwa EJ20, ndi ya malita 2 okha, ya masilinda 4 ogona chopingasa, aŵiri mbali iyi aŵiri mbali inayo; komabe WRX yoyambirira ija inkatulutsa mphamvu za akavalo 240. Mlamu wanga adaikonda galimotoyo koposa. Tsono tsiku lina masana, m'mwezi wa Okutobala, akukwera chitunda chochokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre, phazi ataliponda mpaka pansi, adamva m'injinimo kugogoda ngati munthu akukhoma msomali. Nyali ya oyilo idayaka, mphamvu idatha, ndipo galimotoyo idafika kunyumba yochita kukokedwa.

Alangizi sadachedwe kubwera. Ena adati aigulitse kwa ophwasula magalimoto aiŵaleko. Ena adati agule injini ya kaunjika yochokera kunja, angoikamo. Mnyamata wina wa pa galaja adalonjeza kuti asintha mabeling'i okha, ndipo pakutha masiku aŵiri galimoto ikhala ili pamsewu. Mlamu wanga adatsala pang'ono kuvomera zachitatuzi, popeza ndizo zinali zotsika mtengo. Mwamwayi adayamba wakaonana ndi makaniko wina wachikulire wa ku Ndirande, amene atamva nkhani yonse adati, “Mwana wanga, mabeling'i sadzidya okha. Ndipatseni nthaŵi ndiimasule ndione chimene chidawadya.”

Kuti timvetse mawu a mkuluyu, tiyenera kudziŵa mmene injini yotere imapezera mphamvu zake. Injini iliyonse ya petulo imakoka mpweya, kuusakaniza ndi petulo, kuupanikiza, ndi kuuyatsa. Mpweya ukachuluka, petulo woyaka amachulukanso, ndipo mphamvu imakula. Turbo ndi chipangizo chokankhira mpweya wochuluka m'injini. Nzeru imeneyi idalembetsedwa ndi Alfred Büchi wa ku Switzerland mu 1905, ndipo idafika m'magalimoto ang'onoang'ono ogulitsidwa kwa anthu mu 1962 ku America. Utsi wotentha wotuluka m'injini umazungulitsa kampupiza kamodzi, kameneka kamazungulitsa kanzake ka pa mtanda womwewo, ndipo kachiŵirika ndiko kamakankha mpweya. Timipupiza timeneti timazungulira koposa ka 100,000 pa mphindi imodzi. Turbo ikakankha mokwanira, injini ya malita 2 imapuma mpweya woyandikira wa injini ya malita 4.

Komatu mphamvu imeneyi ili ndi mtengo wake. Ophunzira anga amadziŵa kuti mpweya ukapanikizidwa umatentha. Aliyense amene adapopapo tayala la njinga adamva pampu ikufunda m'manja. Mpweya wotentha kwambiri ukaloŵa m'silinda, petulo wina amaphulika yekha mwachisawawa m'malo moyaka mwadongosolo kuchokera pa pulagi. Kuphulika kotereku kumamenya pisitoni ngati nyundo, ndipo nkhonya zake zimatsika mpaka pa mabeling'i. Chifukwa chake opanga injini za turbo amaika chozizitsira mpweya chotchedwa intercooler, amachepetsa kupanikiza kwa m'silinda kufika pafupifupi 8 kwa 1 pamene injini wamba zimafika cha m'ma 10 kwa 1, ndiponso amaika kachitseko kotchedwa wastegate kamene kamapatutsa utsi wina kuti turbo isapyole malire. Zonsezi adaziŵerengera pamodzi ndi petulo wa okiteni wokwera amene amagulitsidwa ku Japan, woyandikira 100, pamene ngakhale ku South Africa petulo wa pa pampu ndi wa 93 kapena 95.

Loŵeruka lililonse ndinkapita ku galaja ya mkulu uja kukaonerera. Atagaŵa injiniyo pakati, monga mmene injini zogona chopingasa zimagaŵikira, adayala zitsulo zonse pa thebulo loyera, chilichonse pamalo pake, nayamba kuziŵerenga monga sing'anga aŵerengera thupi. Pisitoni imodzi inali itasweka pakati pa maring'i, chizindikiro cha kuphulika kwachisawawa kuja. Beling'i imodzi inali itapsa ndi kukanda kirankishafuti. Tizidutswa ta chitsulo tinali paliponse pamene oyilo amadutsa. Kenaka adationetsa kapaipi kopita ku wastegate: wina anali atakadula ndi kuikapo kavavu kotayitsa mpweya, kuti turbo izikankha koposa muyeso wake. Apa mlamu wanga adagwetsa nkhope pansi, naulula kuti adalipira yekha mnyamata wina kuti “aiwonjezere moto.” Adavomeranso kuti pa nthaŵi ya kusoŵa kwa mafuta ankathira petulo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu, ndi kuti oyilo anali atapitirira nthaŵi yake yosinthira. Chotero opanga galimotoyo analibe mlandu. Idaphedwa ndi zinthu zitatu zogwirizana, pa chitunda chachitali, pa dzuŵa la Okutobala la ku Chigwa cha Shire.

Taganizani tsono chikadachitika n'chiyani akadangosintha mabeling'i okha. Pisitoni yosweka ija ikadatsala momwemo, kavavu kaja kakadatsala pomwepo, ndipo tizidutswa ta chitsulo tobisala m'chozizitsira oyilo ndi m'kapaipi kodyetsa turbo tikadatuluka kudzadya mabeling'i atsopanowo asanathe mwezi. Ngakhale injini ya kaunjika, yabwino chotani, ikadafa imfa yomweyo, popeza chidapha yoyamba chinali kunja kwa injini, ndipo china chinali m'mutu mwa mwiniwake. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Ntchito yomanganso idatenga miyezi itatu, ndipo gawo lalikulu la nthaŵiyo lidathera pa kutsuka ndi kuyeza. Apa ndi pamene ndidachita manyazi ine mphunzitsi. Mpata wa pakati pa beling'i ndi kirankishafuti, mmene oyilo amakhala kuti zitsulo ziŵirizi zisakhudzane, ndi wa pakati pa mamilimita 0.02 ndi 0.05, wochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi la munthu. Ukachepa, oyilo saloŵa ndipo chitsulo chimapsa. Ukakula, oyilo amathaŵa ndipo kugogoda kumayambiranso. Mkulu uja ankayeza mpata uliwonse ndi micrometer, chipangizo chomwecho chimene chimakhala m'kabati ya ku sukulu kwathu ndi kutuluka kamodzi pa chaka mayeso akayandikira, nalemba manambalawo m'kope. Ring'i iliyonse adaiika m'silinda yake ndi kuyeza mpata wa pakamwa pake, pakuti chitsulo chikatentha chimafutukuka, ndipo ring'i yosoŵa malo ofutukukira imathyola pisitoni. Mabauti a silinda hedi adawamanga motsata ndondomeko ya m'buku la opanga, ndi sipanala yoyeza mphamvu yomangira. Chozizitsira oyilo adakana kuchitsuka, nati chigulidwe chatsopano. Lamba wa taimingi adasinthidwanso, chifukwa akaduka m'injini imeneyi mavavu amagundana ndi mapisitoni. Ndipo kavavu ka mnyamata uja adakapereka m'manja mwa mlamu wanga, nati, “Aka kasungeni kunyumba, kazikukumbutsani.”

Ndidziŵa kuti alipo aŵerengi amene akuti zonsezi n'kutaya ndalama pa choseŵeretsa cha anyamata, pamene ndalama zomwezo zikadagula feteleza kapena kulipira sukulu ya ana. Ameneŵa ali ndi mfundo, ndipo sindiwatsutsa kotheratu. Munthu amene ana ake abwezedwa ku sukulu kamba ka fizi alibe chifukwa choitanitsira mapisitoni kunja. Injini imene buloko yake yabooka siyenera kukakamizidwa. Koma pamene mwini angathe, ndipo chitsulo chikulola, ndikuona zifukwa ziŵiri zoti kumanganso kupose kugula kaunjika. Choyamba, injini ya kaunjika ili ngati mkuyu wokoma kunja: palibe amene akudziŵa makilomita amene idayenda, kapena mmene mwini wake woyamba ankaisamalira, pamene injini yomangidwa pamaso panu mumaidziŵa mpata uliwonse. Chachiŵiri, ndalama yogulira injini yathunthu imatuluka m'dziko yonse, koma ya kumanganso ina imatsala kwa makaniko, kwa wosula kirankishafuti, ndi kwa anyamata ophunzira ntchito amene amaima m'mbali kuonerera. Dziko limene limangodziŵa kuchotsa ndi kuika lidzafika tsiku losoŵa munthu wodziŵa kuŵerenga micrometer.

Tsiku loyatsa injini lidafika. Mkulu uja adayamba waizungulitsa osailola kulira kufikira oyilo atafika paliponse, pakuti beling'i yatsopano ikhoza kuonongeka m'masekondi oyamba ikakhala youma. Italira, sitidaombe m'manja. Tonse tidangoti zii kumvetsera, iye atatsamiritsa khutu pa chogwirira cha sikuludiraiva imene nsonga yake adaikhudzitsa pa buloko. Atakhutira, adapereka malamulo. Pa makilomita 1,500 oyamba injini isapyole maulendo 4,000 pa mphindi, turbo isakakamizidwe, liŵiro lizisinthasintha kuti maring'i akhazikike bwino m'masilinda, ndipo oyilo ndi sefa yake zisinthidwe msanga kuti tizinyalala ta kukhazikikako tichoke. Akafika pa ulendo wautali asazime injini nthaŵi yomweyo, koma aileke ilire pang'ono kuti turbo izizire oyilo akuyendabe. Petulo wa m'zigubu aiŵale. Kwa munthu amene adagula galimotoyo chifukwa cha liŵiro, masabata amenewo anali ngati chilango, komabe kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali mbali ina yotsiriza imene ambiri amailumpha, ndipo ndiyo imandikhudza kwambiri. Kubwezera galimoto pamsewu sikuthera pa injini. Mphamvu za akavalo oposa 200 zimafuna mabuleki, matayala ndi mashokapu oyenerana nazo, ndipo chiphaso cha COF chiyenera kukhala umboni woona wakuti zinthu zimenezi zaonedwa. Liŵiro likaŵirikiza kaŵiri, mtunda woimira umaŵirikiza kanayi: galimoto yothamanga makilomita 120 pa ola imafuna malo oŵirikiza kanayi amene imafuna pa makilomita 60, dalaivala atagwira kale buleki. Colin McRae ankathamanga atavala chisoti, m'galimoto yolimbitsidwa ndi mipiringidzo, pambali pake pali mnzake womuŵerengera makona onse a kutsogolo. Msewu wa M1 uli ndi akabaza, mbuzi, misika ya m'mbali monga ya pa Lizulu, ndiponso ana a sukulu, ena mwa iwo ophunzira anga, amene amayenda m'mphepete mwa phula m'maŵa ndi madzulo. Injini yomangidwa bwino m'manja mwa munthu amene sadasinthe ndi ngozi yoposa injini yakufa, popeza yakufayo imangokhala pabwalo.

N'chifukwa chake ndikuti kufunsa chimene chidapha injini kuyenera kufika mpaka kwa woyendetsa. Mlamu wanga adayankha funsolo moona mtima, ngakhale lidamuŵaŵa. Atakwanitsa makilomita ake 1,500 adanditenga kukatsika ku Chikwawa, ndipo pobwerera tidakwera chitunda chomwe chija m'maŵa kusanatenthe, pa giya yoyenera, turbo ikuimba kamluzu kake chapansipansi. Titadutsa pamalo pamene adaima chaka chija adangoti, “Alamu, ndi pano,” osaponda phazi. Kavavu kaja kali pa shelefu m'chipinda chake chochezera, pafupi ndi wailesi.

Inu amene galimoto yanu ili pa njerwa kuseri kwa nyumba, musanaitane makaniko wolonjeza masiku aŵiri, mufunseni kaye ngati ali ndi micrometer ndi kope lolembamo manambala, ndipo mumufunse chimene iye akuganiza kuti chidapha injiniyo. Akayankha asanaimasule, funani wina. Mlungu wamaŵa tidzakambirana za anyamata ophunzira ntchito m'magalaja, ndi chifukwa chimene sukulu zathu ziyenera kuleka kuwaona ngati olephera.