ANKHOSWE NDI KHOTI: M'MENE NKHONDO YA KU SIERRA LEONE INATHERA

Owerenga athu amene amamvetsera wailesi adziwa kuti mu April 2023 nkhondo inabuka m'dziko la Sudan, ndiponso kuti mu January 2025 zigawenga za M23 zinalanda mzinda wa Goma kum'mawa kwa Congo, dziko limene ticita nalo malire. Pakabuka nkhondo zotere, anthu ofuna mtendere amagawanika pawiri. Ena amati onse olakwa akhululukidwe malinga mfuti zileke kulira. Ena amakana, nanena kuti wopha anthu ayenera kuweruzidwa.

Mtsutso umenewu suli wacilendo kwa ife a kumudzi. Banja likagwedezeka, ankhoswe ndiwo amayamba kulowererapo. Koma mwazi ukakhetsedwa, mlandu sungathere m'manja mwa ankhoswe, umapita ku khoti. Dziko la Sierra Leone, kumene asilikari a Zambia anakagwirako nchito yosungitsa mtendere, linayesa njira zonse ziwirizi, ndipo zimene zinacitika kumeneko ziyenera kulingaliridwa mofatsa.

GWERO LA NKHONDO

Sierra Leone ndi dziko laling'ono la kumadzulo kwa Africa, m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic, ndipo likulu lake ndi Freetown. Pa 23 March 1991 gulu la zigawenga lochedwa RUF, lotsogozedwa ndi Foday Sankoh, linalowa m'dzikolo kucokera ku Liberia. Amene analithandiza ndi Charles Taylor, yemwe panthawiyo analinso mkulu wa zigawenga ku Liberia, ndipo pambuyo pake anakhala Pulezidenti wa dzikolo mu 1997. Cimene cinasonkhezera motowo ndi miyala ya dayamondi yokumbidwa m'cigawo ca Kono, imene zigawenga zinali kusinthanitsa ndi mfuti.

Nkhondoyi inatenga zaka pafupifupi 11, ndipo kuwerengera kumene ambiri amavomereza ndi kwakuti anthu okwana 50,000 kapena kuposapo anafa. Zigawenga zinachuka ndi nkhanza yodula manja a anthu wamba, ndiponso kugwira ana m'midzi ndi kuwasandutsa asilikari.

Siinali nkhondo ya cipembedzo ai. Anthu ambiri a ku Sierra Leone ndi Asilamu, ena ndi Akristu, ndipo amakwatirana ndi kuyenderana pa maliro ndi pa zikondwerero. Pulezidenti Ahmad Tejan Kabbah, amene anasankhidwa mu 1996, anali Msilamu, pamene mkazi wake Patricia anali Mkatolika. Cotero m'misasa ya zigawenga ndi m'misasa ya boma momwe munali ana a mzikiti ndi ana a mpingo.

NCHITO YA ANKHOSWE

Pangano loyamba la mtendere, lolembedwa ku Abidjan mu November 1996, silinakhalitse. Mu April 1997 atsogoleri a Cisilamu ndi a Cikristu anakhazikitsa bungwe limodzi lochedwa Inter-Religious Council of Sierra Leone. Patangopita milungu yocepa, pa 25 May, asilikari otsogozedwa ndi Johnny Paul Koroma analanda boma. Bungwelo linatsutsa poyera, nilipempha kuti ulamuliro ubwezedwe kwa osankhidwa ndi anthu. A Kabbah anabwerera pa mpando mu March 1998 mothandizidwa ndi asilikari a maiko a kumadzulo kwa Africa, makamaka a Nigeria.

Tsoka lalikulu linagwa pa 6 January 1999, pamene zigawenga zinalowa mu Freetown ndi kupha anthu zikwi zingapo, kutentha nyumba ndi kuba ana. Pamenepo panalibe wandale amene mbali zonse zikanamkhulupirira. Ma sheikh ndi abusa ndiwo anayenda. Anapempha cilolezo kwa Pulezidenti nakaonana ndi Sankoh, amene anali m'ndende. Analankhula ndi akulu a zigawenga kuthengo pa wailesi ya mauthenga, mpaka zigawenga zinamasula ena mwa ana ogwidwa. Anapitanso ku Monrovia kukaonana ndi Taylor, podziwa kuti muzu wa nkhondoyo unali kumeneko.

Cifukwa ninji anamvedwa? Akanapita abusa okha, zigawenga zikanati ndi nthumwi za mbali imodzi. Akanapita ma sheikh okha, cimodzimodzi. Popita pamodzi anatseka pakamwa pa aliyense wofuna kusandutsa nkhondoyo kukhala ya mzikiti ndi mpingo. Sanali kufuna mpando wa unduna kapena mgodi wa dayamondi, ndipo msilikari aliyense kuthengo anali ndi mai wake amene amapemphera pansi pa mmodzi wa iwo. Pa zokambirana za ku Lomé, m'dziko la Togo, iwo analipo, akuyenda pakati pa mbali ziwirizo, kufikira pangano linasainidwa pa 7 July 1999.

MTENGO WA PANGANO

Komatu pangano la ku Lomé linagulidwa ndi mtengo wowawa. Linakhululukira onse omenya nkhondo pa zonse anacita. Sankoh, amene khoti linali litamweruza kuti aphedwe, anamasulidwa napatsidwa ulemu wolingana ndi wa waciwiri kwa Pulezidenti, ndiponso udindo woyang'anira cuma ca m'migodi. Kunali ngati kusungiza fisi mbuzi.

Pamenepa ndi pamene lamulo la pakati pa maiko linalankhula. Nthumwi ya United Nations, a Francis Okelo, posaina anaonjezera mau akuti bungwelo silizindikira cikhululuko pa milandu yofuna kupulula mtundu wa anthu, milandu ya nkhanza zocitira anthu wamba, ndi milandu yoswa malamulo a nkhondo. Pakuti nkhondo nayo iri ndi malamulo ake, olembedwa m'mapangano a ku Geneva a 1949: wosanyamula mfuti asaphedwe, wovulala asamalidwe, wogwidwa asazunzidwe. Ambiri tsiku limenelo anaona mau oonjezerawo ngati inki cabe.

Caka cisanathe, zinaoneka kuti cikhululuko cokha sicisintha mtima wa munthu. United Nations inatumiza asilikari osungitsa mtendere, gulu lochedwa UNAMSIL, kuti alandire mfuti kwa omenyanawo. Mu May 2000 zigawenga za RUF zinaukira asilikariwo kufupi ndi tauni ya Makeni ndi kwina, zinapha ena, ndi kugwira pafupifupi 500. Ambiri mwa ogwidwawo anali ana a Zambia, ndipo mabanja ao kuno kwathu anagona ndi nkhawa kufikira ocuruka anamasulidwa kudzera ku Liberia mwezi womwewo usanathe. Asilikari a Britain analowererapo, Sankoh anagwidwanso pa 17 May, ndipo gulu la United Nations linakulitsidwa kufika pa 17,500. Omenya nkhondo oposa 70,000 anatula zida, mwa iwo ana oposa 6,000. Pa 18 January 2002 mfuti zinatenthedwa pa Lungi, ndipo a Kabbah analengeza kuti nkhondo yatha.

MLANDU SUOLA

Masiku awiri mwambowo usanacitike, pa 16 January 2002, boma la Sierra Leone ndi United Nations anapangana zokhazikitsa khoti lapadera loweruza okhawo amene anasenza udindo waukulu pa nkhanzazo. Mu 2004 khotilo linagamula kuti cikhululuko ca ku Lomé sicingalimange manja. Linazenga milandu anthu 13. Atatu anafa mlandu usanathe, mmodzi anathawa, ndipo 9 anapezeka olakwa.

Khotilo silinayang'ane nkhope. Linagwira ngakhale Sam Hinga Norman, nduna ya boma imene inatsogolera gulu lomenyera mbali ya boma. Mu 2007 linakhala khoti loyamba la pakati pa maiko kulanga anthu cifukwa colemba ana usilikari. Mu 2009 akulu atatu a RUF, Issa Sesay, Morris Kallon ndi Augustine Gbao, anapezeka olakwa pa milandu yambiri, kuphatikizapo wa kuukira asilikari osungitsa mtendere. Anapatsidwa zaka 52, 40 ndi 25. Motero zimene anacitiridwa ana a Zambia pa mseu wa ku Makeni zinafika pamaso pa oweruza. Potsiriza, mu 2012, Charles Taylor anaweruzidwa ku The Hague kuti akhale m'ndende zaka 50.

Nanga zikwi za anyamata amene anacita zoipa polamulidwa? Khoti silikanatha kuwaweruza onse, ndipo anayenera kubwerera ku midzi yomwe anaitentha. Apa nchito inabwerera kwa ankhoswe. Komiti yofufuza zoona ndi kuyanjanitsa anthu, imene inapereka lipoti lake mu 2004, inatsogozedwa ndi Bishopu Joseph Humper, mmodzi wa akulu a bungwe la zipembedzo lija. Olakwa ndi olakwiridwa analankhula pamaso pa anthu, ndipo m'maboma ambiri misonkhanoyo inatha ndi mwambo wa kupepesa pamaso pa mafumu, ma sheikh ndi abusa.

Sitinena kuti zonse zinayenda bwino. Ambiri mwa odulidwa manja anadandaula kuti khoti linadya ndalama zambiri pamene iwo analandira zocepa. Umphawi sunathe, ndipo mu November 2023 ena anayesanso kulanda boma ndi mfuti, nalephera. Koma nkhondo siinabwerere, ndipo kawiri, mu 2007 ndi mu 2018, cipani cotsutsa cinalowa m'boma mwa voti.

Tsono pamene mumva pa wailesi za zokambirana za mtendere ku Sudan, ku Congo kapena kwina, funsani zinthu ziwiri. Kodi pakati pa omenyanawo pali anthu oyenda amene mbali zonse ziwakhulupirira, monga anacitira ma sheikh ndi abusa a ku Freetown? Ndipo kodi m'panganomo mwasiyidwa khomo loti amene analamula kupha anthu wamba adzayankhe mlandu? Ku Sierra Leone pangano lopanda khomo limenelo linagwedezeka patangopita miyezi 10, ndipo ana athu ndiwo anali pakati pa oyamba kulipira.