Njinga ndi Ngolo Zisatsalire pa Nkhani ya Mayendedwe Atsopano

Zaka zino maiko ambiri ali pa nchito yosintha kayendedwe ka anthu ndi katundu. Cimene afuna ndi cakuti ulendo uzidya mafuta ocepa, uzitulutsa utsi wocepa, ndiponso ukhale wa mtengo umene munthu wamba angaukwanitse caka ndi caka. Dziko la Zambia nalonso lalowa m'njira imeneyi. Kuyambira mu Januwale 2024 Boma linacotsa msonkho wolowetsera m'dziko magalimoto, mabasi ndi njinga zamoto zoyendera magetsi. Ganizoli liyenera kuyamikidwa. Koma mlimi wa kwa Mlolo, kwa Zingalume kapena kwa Mwangala akamva nkhaniyi pa wailesi angathe kufunsa kuti gawo lace ndi liti, popeza ndalama zogulira galimoto yotere alibe. Yankho lace ndi lakuti m'dera la Chadiza kusinthaku kuyenera kuyambira pa njinga yopalasa, pa ngolo ya ng'ombe, ndi pa mseu wa kumudzi umene ziwirizi ziyendamo.

Cifukwa coyamba ndi mafuta. Zambia ilibe zitsime za mafuta, ndipo petulo ndi dizilo yense acokera kunja. Mafuta ena adzera m'mpopi wa TAZAMA wocokera ku Dar es Salaam, umene unatsegulidwa mu 1968, ndipo ena abwera pa magalimoto a matanki ocokera ku Beira, amene anthu a ku Chanida awaona akulowa pa cipata ca m'malire. Mafutawa agulidwa ndi madola, kotero Kwacha ikafooka mtengo ukwera. Mu Disembala 2021 Boma linaleka kulipirako mbali ya mtengo wa mafuta, ndipo lita imodzi ya petulo inacoka pa K17.62 kufika pa K21.16. Mwini lole kapena minibasi salola kutaya ndalama yace. Mafuta akakwera, iye aonjezera pa thumba lililonse la cimanga ndi pa munthu aliyense wokwera, ndipo wolipira potsiriza ndi mlimi.

Cifukwa caciwiri ndi nyengo. Utsi wa mafuta amene atenthedwa m'maiko onse ndi cimodzi mwa zinthu zimene zikutenthetsa dziko lapansi ndi kusokoneza kagwedwe ka mvula. Anthu a m'Cigawo ca Kum'mawa adziwa bwino kuwawa kwa mvula yosadalirika. Cilala ca nyengo ya 2023/2024 cinaocha cimanga m'minda, ndipo pa 29 Febuluwale 2024 Mtsogoleri wa dziko, Bambo Hakainde Hichilema, analengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse. Caka comweco madzi anatsika m'nyanja ya Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, ngakhale mu Lusaka momwe. Apa ndipo panaonekera malire a galimoto ya magetsi. Iyo ifuna magetsi okwanira, pamene midzi yambiri ya m'Chadiza ili kutali ndi mawaya.

Njinga yopalasa ilibe mabvuto awiri onsewa, ndiponso si mlendo m'cigawo cino. M'zaka za m'ma 1980 fakitale ya Luangwa Industries ku Chipata inali kupanga njinga za Eagle, zimene akuluakulu azikumbukirabe. Mpaka lero anyamata ambiri mu mzinda wa Chipata apeza cakudya ponyamula anthu ndi katundu pa njinga. M'midzi ya m'Chadiza njinga ndiyo ipita ku cigayo, ku msika, ku cipatala, ku maliro ndi kukatenga feteleza. Njinga zolimba za Buffalo, zimene bungwe la World Bicycle Relief linabweretsa, zinapangidwa kuti zisenze makilogalamu 100 kumbuyo, ndiwo matumba awiri a cimanga.

Phindu la njinga linayesedwanso ndi anthu ophunzira. Mu 2017 ndi 2018 ofufuza anatsatira atsikana a m'masukulu 100 ku Monze, Mazabuka ndi Kalomo, m'Cigawo ca Kum'mwera. Atsikana amene analandira njinga anacepetsa nthawi ya ulendo wao ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Masiku olephera kupita kusukulu anacepa ndi 28 pa 100 alionse, ndipo kufika mocedwa kunacepa ndi 66 pa 100 alionse. Mtsikana wa ku Nsadzu kapena ku Zemba amene auka mbandakuca kutunga madzi asanayambe ulendo wautali wa kusukulu sasiyana ndi mnzace wa ku Kalomo.

Ngolo nayo ili ndi malo ace. Itenga matumba amene njinga singathe, siifunsa mtengo wa dizilo, ndipo ng'ombe zimene ziikoka ndizo zilimanso munda ndi kupatsa manyowa. Koma ngolo iima pamene ng'ombe zafa. Matenda a cigodola, amene afala ndi nkhupakupa, akhala akupha ng'ombe m'cigawo cino kwa zaka zambiri. Motero dibi losambitsira ng'ombe ndi katemera wa ana a ng'ombe ziyenera kuwerengedwa pamodzi ndi nkhani ya mayendedwe, cifukwa mudzi umene wataya ng'ombe zace ubwerera ku kusenza pamutu kapena ku kulipira lole.

Pa pepala Boma linabvomereza kale zonsezi. Mu 2019 Unduna woona za mayendedwe unatulutsa ndondomeko yosamalira oyenda pansi ndi oyenda pa njinga. Cimene catsala ndi cakuti ndondomekoyo ioneke pa miseu, kuyambira pa ikuluikulu. Mseu wa phula wocokera ku Chipata kupita ku Chadiza unali m'gulu la Link Zambia 8000, imene inakhazikitsidwa mu 2012. Nchito inayamba, koma inaima zaka zambiri cifukwa ca kusowa ndalama. Mu 2023 Boma linapangana ndi kampani yoima payokha kuti imangenso mseu wa makilomita 55 wocokera ku Katete kufika ku Chanida. Miseu yotereyi ndi yofunika, koma phula likafika magalimoto athamanga kwambiri, ndipo wa njinga ndi wa ngolo akankhidwira m'ngalande. Mseu uli wonse womangidwa m'dera lino uyenera kukhala ndi malo otakata m'mbali mwace oyendamo njinga ndi ngolo, pamodzi ndi zitunda zocepetsa liwiro pafupi ndi masukulu ndi misika. Kuika zimenezi pomanga sikudya ndalama zambiri monga kuzionjezera anthu atapwetekeka kale.

Komabe ulendo wa mlimi suyambira pa phula. Uyambira pa kamseu ka dothi kocokera kumudzi, ndipo mdani wa kamseu kameneka ndi madzi. Ngalande zikatsekeka, madzi ayenda pakati pa mseu ndi kukumba zigwembe. Mtsinje wopanda mlatho ukadzaza mu Januwale, mwana wa sukulu, mai wapakati ndi thumba la feteleza onse aima kutsidya. Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndalama za citukuko ca dera la phungu, zochedwa CDF, zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo zinakweranso m'zaka zotsatira. Ndalamazi ziyambira pa zopempha za anthu kudzera m'makomiti a citukuko a m'mawodi. Anthu akakhala pansi kusankha nchito, timilatho ndi ngalande zisamatsalire kumapeto kwa mndandanda, pakuti kalasi yatsopano kapena cipatala catsopano cithandiza okhawo amene angathe kufikako.

Alipo ena amene adzanena kuti kutamanda njinga ndi ngolo ndiko kuuza anthu a kumudzi kuti akhalebe m'mbuyo pamene a m'tauni akwera magalimoto atsopano. Mau ao ali ndi coonadi cina. Mai amene wabvutika pobereka afuna ambulansi, ndipo matumba mazana a cimanga, nshawa ndi soya afuna lole. Acinyamata ambiri asankha njinga yamoto cifukwa ifulumira. Koma kamlatho kamene kaolotsa njinga ndi komweko kaolotsa ambulansi. Njinga ndi ngolo zikasonkhanitsa zokolola pa depoti imodzi, lole ibwera kamodzi ndi kucoka yodzaza, m'malo mozungulira midzi ndi kutentha mafuta pacabe. Ndipo tsiku limene njinga zamoto za magetsi, zodzazidwa ndi mphamvu ya dzuwa, zidzafika pa mtengo wakuti mnyamata wa ku Chadiza angaukwanitse, nazonso zidzafuna mseu wabwino womwewo.

Nchito ili pa anthu a magulu atatu. Boma, limene lakhululukira msonkho galimoto ya magetsi, lionetsetse kuti njinga yopalasa ndi zipangizo zace, monga matayala, machubu, cheni ndi masipoko, sizilemedwa ndi msonkho. Khonsolo ya Chadiza iike timiseu ta kumidzi patsogolo, ndipo pa ndalama za maphunziro a luso ipatuleko zophunzitsira anyamata ndi atsikana kukonza njinga ndi ngolo, kuti njinga isamagone m'nyumba miyezi itatu cifukwa ca kacitsulo kamodzi. Mafumu ndi anthu ao agwirizane kutsegula ngalande mvula isanayambe, aleke kulima mpaka m'mphepete mwa mseu, ndiponso aleke kukoka mapulawo ndi mitengo pa mseu, cifukwa mzere umene pulawo yasiya ndiwo madzi ausandutsa cigwembe. Oyenda usiku aike zowala pa njinga ndi pa ngolo zao, ndipo a njinga zamoto abvale zipewa zoteteza mutu. Mwezi wa Okutobala ndiwo nthawi yabwino ya nchito ya ngalande, ndipo mfumu iliyonse ingathe kuitana anthu ace popanda kudikira kalata yocokera ku Lusaka.