ANYANI AKUSEKANA ZIKUNDU

Sabata yatha m'chipinda chodyera tinatsala pang'ono kuthirana nyemba kumaso chifukwa cha lamya za m'manja. Mnzathu wina wa chaka chachitatu, amene amanyamula iPhone X yake yakaunjika monga munthu anyamulira dzira, anauza aliyense wokhala ndi makutu kuti a Samsung ndi mbava, kuti khothi la ku America linatsimikiza kale zimenezi, ndiponso kuti ife tonse a mafoni a Android tikuyenda ndi katundu wakuba m'matumba. Anthu anaseka, ena anaomba m'manja. Ine ndinasowa polowera chifukwa mnzathuyo ali ndi liwu longa belu la tchalitchi. Tsono ndimuyankhira muno, poti pepala silidula munthu pakamwa.

Mlandu umene amanenawo unalipodi. Pa 15 Epulo 2011 kampani ya Apple inasumira kampani ya Samsung ya ku South Korea m'khothi la ku San Jose, ku California, ndipo mlanduwo unagwera m'manja mwa woweruza Lucy Koh. Pa 24 Ogasiti 2012 anthu wamba 9 amene anasankhidwa kuti agamule nkhaniyo ananena kuti Samsung ilipire madola 1.05 biliyoni. Zonsezi sindikuzikana. Chimene ndikukana ndi liwu lija lakuti mbava. Uwu sunali mlandu wa mwini munda ndi munthu wogwidwa ndi chimanga kumsana. Anali anthu awiri olemera amene aliyense ankafuna kumanga mpanda pa njira yopita kuchitsime, kuti wodutsa aliyense azimulipira iyeyo.

Tiyambe ndi chimene chikutchedwa patenti, chifukwa ambiri amene ankafuula tsiku lija sachidziwa. Patenti ndi pangano la pakati pa boma ndi munthu amene watulukira luso latsopano. Munthuyo amaulula poyera m'mene luso lakelo limagwirira ntchito, ndipo boma limamulonjeza kuti kwa zaka 20 wina asapange chinthucho popanda chilolezo chake. Zakazo zikatha lusolo limasanduka la aliyense. Ndi pangano labwino ndithu, ndipo munthu amene wathera moyo wake kufunafuna mankhwala kapena makina atsopano ayenera kudya thukuta lake. Palinso patenti ya mtundu wina imene imateteza maonekedwe okha a chinthu.

Nanga a Apple ankalirira chiyani? Ankalirira nkhope ya foni yakuda, yamakona anayi, yokhala ndi ngodya zobulungira. Ankalirira mkombero wozungulira galasi. Ankalirira tizithunzi tamitundumitundu tondanda m'mizere pa galasipo. Ankaliriranso kachitidwe kaja kakuti ukamatsetsereka ndi chala mpaka pa mapeto a tsamba, tsambalo limanjanja pang'ono n'kubwerera ngati mphira, ndi kaja kogogoda kawiri kuti zilembo zikule. Izi ndi zokongola, sindikutsutsa, ndipo amene anaziganiza anali ndi maso. Komatu anzanga, kodi munthu angakhale mwini wa ngodya yobulungira? Mmisiri aliyense wa matabwa amadziwa kuti ngodya yosongoka imang'amba thumba ndi kulasa dzanja, ndipo amaipala popanda kupempha chilolezo ku California.

Pano mnzathu uja adzati ndikubisa umboni, choncho ndiuyala ndekha. A Samsung anayang'anitsitsa iPhone, ndipo sanayang'ane ndi diso limodzi. M'khothi munatuluka chikalata chawo cha masamba 132, cholembedwa mu 2010, chimene chinkayerekeza foni yawo ya Galaxy S ndi iPhone mbali ndi mbali, n'kumalangiza pamene ayenera kukonza kuti afanane ndi mnzawoyo. Munatulukanso mawu a mkulu wawo wa za mafoni, J.K. Shin, odandaula kuti kusiyana kwa foni yawo ndi iPhone kunali ngati kwa kumwamba ndi pansi pano. Ndipo mu Okutobala 2011 woweruza Koh ananyamula m'mwamba iPad ndi Galaxy Tab, zipangizo zija zophwathalala ngati sileti, nafunsa loya wa Samsung kuti aloze cha kampani yake. Loyayo, ataima patali pang'ono chabe, analephera. Manyazi ake! Ngati funso ndi lakuti kodi a Samsung anatsanzira, yankho langa ndi lakuti inde, anatsanzira, mwinanso mopanda ulemu. Chodabwitsa n'chakuti anthu 9 aja anagamula kuti Galaxy Tab imeneyo sinaphwanye patenti ya maonekedwe a sileti ya Apple, koma zimenezo mnzathu sanazitchule.

Funso langa ndi lina: kodi wolozayo chala chake n'choyera? Mu Disembala 1979 Steve Jobs anapita kukaona malo ofufuzira a kampani ya Xerox ku Palo Alto. Kumeneko anaona kompyuta yokhala ndi mawindo pa galasi ndi kachipangizo kolozera kogwira m'manja. Anabwerako maso ali tuzu, ndipo mu 1984 kunabadwa Macintosh. Okonda Apple adzati a Xerox analoledwa kugula masheya a Apple posinthana ndi ulendowo, ndi kuti a Apple anakonza bwino zimene anaonazo. N'zoona, ndipo ndiyo mfundo yanga: umu ndi m'mene luso limayendera. Koma a Xerox sanakhutire, anasuma mu 1989, khothi n'kuwabweza. Nawonso a Apple anasumira Microsoft mu 1988 chifukwa cha maonekedwe a Windows, nagonja mu 1994. Mu 1996, pa kanema wotchedwa Triumph of the Nerds, Jobs ananena yekha kuti iwo sanachitepo manyazi kuba maganizo abwino. Munthu yemweyo, malinga ndi buku la mbiri yake limene Walter Isaacson anatulutsa mu 2011, analumbira kuti adzathera chuma chonse cha Apple pofafaniza Android chifukwa ndi chinthu chobedwa. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.

Ngakhale pa foni penipenipo, a Apple sanayambire pa tchire losalimidwa. Kampani ya IBM inagulitsa foni ya galasi logwira ndi chala, yotchedwa Simon, mu 1994. Foni ya LG Prada, yakuda, yamakona anayi, yagalasi lalikulu, inaonekera nthawi imodzimodzi ndi iPhone yoyamba ya Januwale 2007, mpaka mkulu wina wa LG anadandaula kuti wotsanzira ndi Apple. Kachitidwe kotsegula foni pokwekwesa chala cham'mbali kanalipo kale pa foni ya kampani yaing'ono ya ku Sweden, Neonode, ndipo n'chifukwa chake khothi lalikulu la ku Germany linapha patenti ya Apple imeneyo mu 2015, pamene ku America patenti yomweyo inali m'gulu la zimene zinabweretsera Apple madola 119.6 miliyoni pa mlandu wachiwiri wa 2014. Nanga mafoni akuluakulu aja ngati mbale? Samsung inatulutsa Galaxy Note mu 2011 anthu akuiseka, ndipo mu 2014 Apple inabwera mwakachetechete ndi iPhone 6 Plus. Palibe amene anakuwa kuti wakuba.

Tsono mawu akuti khothi linatsimikiza. Khothi liti? La ku San Jose lili pa mtunda wosakwana makilomita 20 kuchokera ku likulu la Apple ku Cupertino, ndipo anthu 9 aja anayankha mafunso pafupifupi 700 a zaumisiri m'masiku osakwana 3. Pa tsiku lomwelo la 24 Ogasiti 2012, khothi la ku Seoul linagamula kuti onse awiri analakwirana: Apple inaphwanya mapatenti 2 a Samsung, Samsung inaphwanya imodzi ya Apple, ndipo dandaulo la maonekedwe linatayidwa. Ku London, mu Julaye chaka chomwecho, woweruza Colin Birss anati masileti a Samsung sanaphwanye umwini wa maonekedwe a Apple, chifukwa china chimene anapereka n'chakuti sanali otchena ngati iPad. A Apple analamulidwa kulengeza m'manyuzipepala ndi pa intaneti kuti Samsung sinalakwe. Analengeza monyinyirika, akuthiramo mawu ena odzitama, mpaka oweruza anawadzudzula nawauza kuti alembenso. Mbava yeniyeni ikagwidwa ndi mbuzi imakhala mbava ku Seoul, ku London ndi ku San Jose komwe. Iyi ndi mbava yanji imene imasanduka munthu wosalakwa ikangowoloka nyanja?

Za ndalamazo pali nkhani yoseketsa. Lamulo limene a Apple anagwiritsa ntchito linapangidwa mu 1887, chifukwa cha makapeti. Opanga makapeti ena anawatsanzira maluwa awo, napambana mlandu, koma khothi linawapatsa masenti 6 okha. Aphungu a ku America atamva chisoni analamula kuti wotsanzira maonekedwe azipereka phindu lonse la chinthucho. Pa kapeti zimamveka, poti munthu amagula kapeti chifukwa cha maluwa ake. Koma m'foni muli mawailesi, kamera, batire, ubongo wowerengera, ndi maluso zikwizikwi a anthu ena. Kunena kuti phindu lonse lipite kwa mwini ngodya kuli ngati kulanda munthu nyumba yonse chifukwa chitseko chake chikufanana ndi chako. Pa 6 Disembala 2016 Khothi Lalikulu la ku America, oweruza 8 onse mogwirizana, linati chinthu chotchulidwa m'lamulocho chikhoza kukhala mbali imodzi yokha ya foni, ndipo linabweza madola 399 miliyoni kuti akawerengedwenso. Mu Meyi 2018 gulu lina la anthu wamba linatchula madola 539 miliyoni. Pa 27 Juni chaka chomwecho awiriwo anagwirana chanza kuseri, osauza munthu kuti ndani wapereka zingati. Zaka 7 zathunthu.

Musandiyese mneneri wa Samsung. Nawonso anachita zonyansa. Pali maluso ena amene foni iliyonse iyenera kugwiritsa ntchito kuti ilumikizane ndi nsanja za 3G, ndipo eni ake amalonjeza kuti adzaloleza aliyense pa mtengo woyenera. A Samsung anatenga mapatenti oterewa n'kuwasandutsa chibonga chofuna kuletsera iPhone m'misika, mpaka akuluakulu a European Commission anawatsegulira mlandu mu 2012. Ku America chibongacho chinagwira: mu Juni 2013 bungwe loona za malonda akunja linaletsa kulowetsa iPhone 4 ndi mitundu ina yakale m'dzikomo. Koma mu Ogasiti boma la Barack Obama linafafaniza chiletsocho, chinthu chimene sichinachitikepo chiyambire 1987. Patangopita miyezi 2, chiletso china chogwera mafoni a Samsung boma lomwelo linachisiya chilili. Chifukwa chimene anapereka, chakuti mapatenti awiriwo ndi a mitundu yosiyana, n'chomveka pa pepala. Komabe munthu wa ku Seoul amene anaona kuti wakwawo ndiye wamenyedwa yekha simungamunene kuti ndi wamisala.

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri ndi ichi. Nkhondo imeneyi inaphunzitsa makampani onse kuti mapatenti ndi zida zosungira m'nkhokwe. Mu 2011 Apple, Microsoft ndi anzawo anagula mapatenti 6,000 a kampani yakugwa ya ku Canada, Nortel, pa madola 4.5 biliyoni. Google poopa inagula Motorola pa madola 12.5 biliyoni, diso lili pa mapatenti ake 17,000, ndipo mu 2014 inagulitsa kampaniyo kwa Lenovo pa madola osakwana 3 biliyoni itasunga mapatenti ambiri. Nyuzipepala ya New York Times inalemba mu 2012 kuti chaka chapitacho Apple ndi Google anaononga ndalama zambiri pa milandu ndi kugula mapatenti kuposa zimene anaika pa kufufuza zinthu zatsopano. Taganizani! Pangano lija lofuna kulimbikitsa luso linafika podya ndalama za luso lomwelo. Ndipo ndalamazo sizichokera m'thumba la mkulu wa kampani, zimabisala mu mtengo wa foni iliyonse, ngakhale kafoni kotchipa kamene inu ndi ine timawerengera manotsi usiku magetsi atazima. Samsung inapirira chifukwa inali ndi maloya ndi nkhokwe yakeyake ya zida. Mnyamata wa nzeru wokhala ndi kakampani ka anthu 10, kaya ku Shenzhen kaya ku Nairobi, kalata imodzi ya loya ikanamukwanira kutseka chitseko.

Ife a m'gulu la alembi nkhani ya kukopera timaidziwa, ndipo aphunzitsi athu saiseka. Wotenga ndime ya mnzake n'kulembapo dzina lake ndi wakuba, achotsedwe. Koma woyamba nthano ndi padangotero sanabere agogo a munthu aliyense, ndipo wolemba ndakatulo ya mizere 14 sapereka msonkho ku Italy. A Apple ankafuna kuti khothi liwapatse padangotero, ndipo kwa kanthawi linawapatsadi.

Mnzathu wa chaka chachitatu ndimupempha chinthu chimodzi. Pamene maloya ankatukwanizana ku San Jose, mafakitale a Samsung ankapanga ubongo wa iPhone 4, iPhone 4S ndi iPhone 5, a Apple n'kumalipira mosadandaula. Ndipo galasi lowala la iPhone X ya 2017, limene iye amalipukuta ndi malaya asanayambe kutilalikira, linapangidwa ndi Samsung mlandu usanathe n'komwe. Lachinayi likudzali abwere nayo ku msonkhano wathu, aiike pa tebulo, atilozere mbali imene ndi ya mwini ndi mbali imene ndi ya mbava.