Mbale za m'makomboni a ku Arcturus zisafe uchona

Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kum'mawa kwa Harare, m'boma la Goromonzi, pali dera la Arcturus, lodziwika ndi mgodi wa golide komanso mapulazi oulizungulira. M'makomboni a kumeneko muli nkhalamba zimene makolo awo, kapena iwo eni, adachokera ku Dedza, ku Ntcheu, ku Chipata ndi ku Angónia pa nthawi ya Mthandizi, kudzalima fodya ndi kukumba miyala. Ambiri sadabwerere. Kumudzi amawatchula kuti machona. M'masutikesi a ena mwa iwo, pansi pa mabulangete ndi zitupa zakale, muli mbale za nyimbo zakuda zija zimene zinkalira pa galamafoni tsiku la malipiro. Mbale zimenezi ndi zolembedwa za mtundu, ndipo zikufunika kuzijambula pa kompyuta eni ake adakali moyo.

Anthu a m'makomboni sadangokhala omvera nyimbo, adalinso oziyimba. Nicholas Zakaria, yemwe adakulira m'mapulazi a ku Mazowe, ndi Alick Macheso wa ku Shamva, onse ndi ana a makolo ochokera ku Malawi, ndipo adayimbira limodzi m'gulu la Khiama Boys m'zaka za m'ma 1980. Sungura, nyimbo imene lero dziko lonse la Zimbabwe limaitcha yake, idakulira m'mapulazi ndi m'migodi, ndipo Chichewa chimamveka m'menemo pambali pa Chishona. Makampani a Gramma Records ndi Zimbabwe Music Corporation ankatulutsa nyimbozi pa mbale mpaka pamene makaseti ndi ma CD adalanda msika m'zaka za m'ma 1990. Kale kwambiri, wailesi ya ku Lusaka inkafalitsa mawu a Alick Nkhata m'maiko onse atatu a Chitaganya, ndipo wantchito wa pa pulazi ankamva chilankhulo cha kwawo ali kutali ndi kwawo.

Kwa wophunzira zilankhulo, phindu la mbalezi limaposa kukoma kwa gitala. Chichewa cha m'makomboni a ku Zimbabwe si cha m'mabuku a sukulu a ku Lilongwe. Chidakumana ndi Chishona, Chisena, Chiyao ndi Chilapalapa, n'kupanga kalankhulidwe kakekake, kamene kamalembedwa kawirikawiri ayi. Zidzukulu zambiri lero zimamva Chichewa koma zimayankha m'Chishona. Kusintha kwa umwini wa malo kumene kudayamba m'chaka cha 2000 kudabalalitsa mabanja a antchito a m'mapulazi, ndipo lamulo la unzika la 2001 lidasiya ambiri akutchedwa alendo m'dziko lomwe adabadwira, mpaka malamulo atsopano a 2013 adayamba kukonza nkhaniyo. Banja likamasamuka mwadzidzidzi limanyamula mapoto ndi zofunda. Mbale za nyimbo n'zolemera ndiponso n'zosachedwa kusweka, choncho ndizo zimatsala kapena kugulitsidwa pa mtengo wa sopo.

Mbale yokha siikhala mpaka kalekale. Ya pulasitiki, yozungulira ka 45 kapena ka 33 pa mphindi, imapindika ikatenthedwa pansi pa denga la malata. Ya kale kwambiri, ya ka 78, idapangidwa ndi shellac, ndipo ikagwa imasweka ngati mbale ya dothi. Fumbi likalowa m'timizere take limakhala ngati mchenga, ndipo singano yotha imakulula mawu ulendo uliwonse ikadutsa. Kuiimba pa galamafoni yosakonza ndiko kuipha pang'onopang'ono.

Chosangalatsa n'chakuti zida zoipulumutsira sizilinso za anthu olemera okha. Pamafunika choimbira mbale cha singano yabwino, kachipangizo kokuza mawu a singanoyo, chingwe cha USB, ndi kompyuta yokhala ndi pulogalamu ngati Audacity, imene ndi yaulere. Mbale itsukidwe kaye ndi madzi oyera osasakaniza ndi kalikonse ndi kansalu kofewa, chizindikiro chapakati chisanyowe. Spiriti asayandikire mbale ya ka 78, pakuti amaisungunula, ndipo mbale yotere imafuna singano yakeyake, yonenepa kuposa ya mbale zinazo. Mawu ajambulidwe mu mtundu wa WAV, umene sutaya kanthu. Bungwe la akatswiri osunga mawu padziko lonse, IASA, limalimbikitsa muyeso wa 96 kHz ndi 24 bit. MP3 ndi yabwino potumizirana pa foni, koma imadula mbali ina ya mawu kuti fayilo ichepe, ndipo chimene yadula sichibwerera. Fayilo yoyamba isungidwe monga momwe yatulukira, ndi kuthetheka kwake komwe, ndipo yoyeretsa ikhale ina. Makope akhale atatu, m'malo osiyana, chifukwa memori khadi imafa mosalaira. Mbale yeniyeniyo isatayidwe. Iimikidwe chilili m'chikuto chake, pamalo ozizira.

Komabe ntchito yaikulu si ya zingwe. Fayilo yolembedwa kuti "nyimbo yakale 7" ndi mtchona winanso, wopanda dzina, wopanda mudzi, wopanda mfunda. Chizindikiro cha mbale chijambulidwe mbali zonse, pamodzi ndi nambala ya kampani ndi manambala ozokotedwa pafupi ndi pakati. Kenako mwini mbale afunsidwe, mawu ake ajambulidwenso: adaigula kuti, ndi malipiro a mwezi uti, inkavinidwa pa ukwati kapena pa mowa wa Loweruka, mawu akutiakuti ankatanthauza chiyani pa komboni. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo pa nkhani iyi ndiwo kaundula yekhayo amene alipo. Makina angathe kudikira chaka chamawa, koma gogo wa zaka 85 sangalonjeze kudikira.

Alipo amene anganene kuti nyimbo zonsezi zili kale pa YouTube. Zilipo zotchuka, nthawi zambiri zosamveka bwino, zolembedwa maina olakwika, ndipo zingachotsedwe tsiku lililonse. Timbale ting'onoting'ono ta magulu amene adajambula kamodzi kokha n'kubwerera kukathyola fodya sitipezeka kumeneko. Ena anganene kuti pa komboni yosowa magetsi ndi ufa, nkhani ya mbale ndi ya okhuta. Njala ndi yoona, koma chida chimodzi chokwanira m'chikwama, choyendera batire ya sola, chingazungulire makomboni ambiri ngati mpingo, gulu la maliro kapena bwalo la gule litachisamala. Mutu umodzi susenza denga, ndipo abale a ku Johannesburg, ku Lusaka ndi ku London amene amasonkha za maliro angathenso kusonkha za singano.

Zitsanzo zilipo. Hugh Tracey adayendayenda m'chigawo chino, kuphatikizapo Nyasaland, akujambula nyimbo, ndipo mu 1954 adakhazikitsa International Library of African Music, imene lero ili pa Rhodes University ku Makhanda ndipo zojambula zake zidaikidwa pa kompyuta. Kampani ya Analog Africa ya ku Germany idayamba ntchito yake potulutsanso nyimbo za The Green Arrows ndi Hallelujah Chicken Run Band, gulu limene lidabadwira pa mgodi wa Mhangura. Nyimbo za WITCH za ku Zambia zidatulukanso kudzera ku Now-Again Records ya ku America. Anthu amenewa adachita ntchito yotamandika, koma phunziro lake n'lowawa: chimene eni ake achinyalanyaza chimakasungidwa kutali, ndipo zidzukulu zimadzachimva ngati alendo. Wogula mbale zakale akafika pa komboni, kugulitsa si tchimo, koma mbale ijambulidwe kaye isanakwere basi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Pali malire awiri oyenera kulemekezedwa. Kusunga si kuba: oimba ambiri a sungura adasaukitsidwa ndi ma CD ogulitsidwa m'misewu, choncho kope losungira lisasanduke malonda popanda chilolezo cha woimba kapena banja lake. Ndiponso ngati pakati pa zojambula papezeka za kudambwe, akuluakulu a gule ndiwo anene zoyenera kumveka poyera. UNESCO idazindikira Gule Wamkulu mu 2005, koma kuzindikirako sikudachotse mwambo wake.

Machona adamanga migodi ndi mapulazi a dziko la eni, ndipo maina awo sali pa zipilala. Mawu awo ali m'timizere ta mbale zimene zikupindika m'masutikesi ku Arcturus. Mdzukulu amene ali ndi kompyuta apite kwa agogo ake mwezi uno, atsegule sutikesi, ayambe ndi kufunsa dzina la nyimbo.