Atigulitsa mapulogalamu akuba pa intaneti

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu. Ndimakhala ku Nkholongue, m'mbali mwa nyanja m'boma la Lago, ndipo ndili ndi kompyuta yoyendera sola yomwe ndimalembera anthu makalata, komanso kusungiramo maakaunti a gulu lathu la asodzi.

Nditamva kuti Microsoft yasiya kusamalira Windows 10 kuyambira pa 14 Okutobala 2025, ndinayamba kufunafuna pulogalamu yatsopano. Pa intaneti ndinapeza munthu wotsatsa Windows ndi Office pamtengo wotsika, chizindikiro cha kampaniyo chili poyera, akulumbira kuti ndi zenizeni. Ndinamutumizira pafoni ndalama zimene ndinapeza nditagulitsa usipa, iye n'kunditumizira nambala yotsegulira pulogalamuyo. Sipanathe mwezi, kompyuta inayamba kulemba kuti laisensi yanga ndi yachinyengo, Office n'kukana kuti ndilembemo kalikonse. Nditaimba foni, nambala yake sinkapezekanso. Ndinakwera galimoto kudzera ku Metangula mpaka ku Lichinga, komwe wokonza makompyuta anandiuza kuti nambala yotsegulira pulogalamu ija munthuyo anaigulitsa kwa anthu ambirimbiri.

Munthu ameneyu waba kawiri. Wabera eni pulogalamu dzina ndi ntchito yawo, ndipo wandibera ine thukuta langa. Kampani yaikulu ili ndi maloya oimenyera nkhondo kukhoti. Nanga ife akumudzi atiimirire ndani?

Malamulo alipo. Dziko lathu la Mozambique lili ndi lamulo nambala 9/2022 loteteza umwini wa ntchito zaluso, lomwe linalowa m'malo mwa la 2001, ndipo zizindikiro zamalonda zimalembetsedwa ku bungwe la boma la IPI. Ndikupempha akuluakulu a boma, omwe amayendera malonda ndi kulanda katundu wachinyengo m'misika, kuti ayang'anenso msika wa pafoni, chifukwa akuba ambiri asamukira kumeneko. Mawailesi nawonso atiphunzitse m'Chinyanja ndi m'Chiyao momwe tingazindikirire laisensi yeniyeni, popeza machenjezo ambiri amabwera m'Chipwitikizi ndi m'Chingerezi basi.

Ena anandiuza kuti ndingokhala chete poopa kusekedwa, koma mbewa yamanyazi inafera kuuna. Abale anga a m'mbali mwa nyanja, musatumize ndalama kwa munthu wopanda sitolo ndi risiti. Ngati ndalama zachepa, pali LibreOffice, pulogalamu yaulere ndiponso yovomerezeka, yomwe ndikulembera kalata ino. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Wodandaula,
Nkholongue, Lago